Imelo muli nayo kale m'foni mwanu, ipezeni

Masiku ano mukafuna kulembetsa bizinesi ku PACRA, kutenga TPIN ku ZRA kapena kufunsira ntchito, pa fomu pamakhala mzere wofuna imelo. Apa ndi pamene amayi ambiri ogulitsa ku Soweto Market ndi abambo a ku Chawama amati "ine ndilibe," pomwe foni ya Android ili m'manja ndipo WhatsApp ikulira. Ambiri mwa inu imelo muli nayo ndithu. Munthu sangatenge WhatsApp pa Play Store popanda akaunti ya Google, choncho mnyamata amene anakugulitsani foni m'tauni, kapena mdzukulu wanu kunyumba, anakutsegulirani mwachangu koma osakuuzani.

Adiresi ya imelo imagawidwa pakati ndi chizindikiro cha @, chomwe katswiri wa makompyuta Ray Tomlinson anasankha mu 1971. Kumanzere kwake kuli dzina lanu, kumanja kuli kampani yosunga makalata anu, monga gmail.com ya Google kapena outlook.com ya Microsoft. Yothera ndi .zm ndi ya kuno ku Zambia, ndipo maunduna a boma amagwiritsa ntchito gov.zm. Wina akakulemberani kuti ndi wa boma, akufuna ndalama, koma adiresi yake ndi ya gmail.com, musathamangire kutumiza.

Kuti mupeze yanu, tsegulani Play Store kapena Gmail, mudinde kachithunzi kozungulira kali pamwamba kudzanja lamanja. Pansi pa dzina padzaoneka adiresi. Njira ina ndi kulowa mu Settings n'kufufuza pamene palembedwa Accounts. Pa iPhone, tsegulani Settings mudinde dzina lili pamwamba penipeni.

Mukaiona, yang'anitsitsani ngati dzinalo ndi lanu. Nthawi zina wogulitsa amalowetsa akaunti yake m'mafoni a makasitomala, kapena foni yogula kwa munthu imabwera ndi akaunti ya mwini wake wakale. Zikatero, manambala a abale anu ndi zithunzi za ana anu zikhoza kumasungidwa m'nkhokwe ya munthu wina. Tsegulani yanuyanu, ndi yaulere.

Ngati ndi yanu, ikopereni m'kope chilembo ndi chilembo. Mu imelo mulibe mpata pakati pa mawu, ndipo kusokoneza ziro ndi chilembo cha o n'kokwanira kuti kalata yokuitanani ku ntchito ipite kwina. Gmail sisamala kaya zilembo ndi zazikulu kapena zazing'ono.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi pasiwedi, mawu achinsinsi olowera mu akaunti. Adiresi mungapatse aliyense, monga momwe mumaperekera nambala ya foni, koma pasiwedi ndi kiyi wa nyumba. Ngati anakupangirani wina, isintheni lero mukadali ndi foniyo, chifukwa ikabedwa m'minibasi kubweza akaunti kumavuta. Mu akaunti ya Google, pa Security, ikaninso nambala yanu ya Airtel, MTN kapena Zamtel imene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, osati ya mwana amene amasintha simu mwezi ndi mwezi. Ku nambala yanuyo n'komwe Google imatumiza kodi ya manambala mukaiwala pasiwedi, ndipo kodiyo musawerengere aliyense wokuimbirani.

Muzitsegulako Gmail nthawi ndi nthawi. Kuyambira mu Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi makalata ndi zithunzi zomwe zili m'menemo.