Kuzungulira Dziko pa Tikiti Imodzi Kuchokera ku Thyolo

Inu a ku Thyolo ndi Mulanje, bwalo lanu la ndege ndi Chileka. Ethiopian Airlines, yomwe ili m'gulu la makampani a ndege lotchedwa Star Alliance, imanyamuka pamenepo kupita ku Addis Ababa, ndiye funsani tikiti yozungulira dziko ya gululi. Malamulo a tikitiyi ndi akuti mulowere mbali imodzi, kum'mawa kapena kumadzulo, muwoloke nyanja za Atlantic ndi Pacific kamodzikamodzi, maulendo a ndege asapose 16, mubwerere kwanu chaka chisanathe. Mtengo umatsata mtunda, choncho mizinda yokhotera kutali ichepe.

Za viza yambani nazo musanalipire, chifukwa ku United States ngakhale wongosintha ndege amafunika viza. Chonde musadumphe ndege ina osauza a kampani ya ndege, maulendo onse otsala amafufutidwa, ndalama n'kulowa m'madzi.