Kukaona nyama ku Liwonde kuchokera ku Ntcheu ndi Dedza

Pitani m'chilimwe, kuyambira June mpaka October. Udzu umakhala utauma, zithaphwi za m'thengo zitaphwa, ndiye nyama zambiri zimatsikira ku mtsinje wa Shire. M'dzinja dothi la makande limamata matayala, misewu ina ya m'paki ya Liwonde imatsekedwa.

Nyamukani kusanache. Tsatani M1 mpaka pa Chingeni, mukhotere ku Balaka, muwoloke Shire pa Kamuzu Barrage. Ambiri amalakwitsa pofika 11 koloko: dzuwa likakwera nyama zimabisala m'mitengo ya tsanya, mungoona nswala ndi njiri basi. Nthawi yabwino ndi mmamawa kapena kuyambira 3 koloko masana. Tengani chiphaso cha unzika, chifukwa Amalawi amalipira zochepa pageti.

Inu a ku Dedza, juzi ndi ya panjira chabe. Kuchigwako kumatentha, choncho munthu aliyense akhale ndi madzi osachepera malita 2. Osavala zakuda kapena zabuluu. Kashembe amakopeka ndi mitundu imeneyi ndipo amaluma ngakhale pamalaya.

Pa njovu mpofunika kusamala kwambiri. Imani patali, galimoto italoza kothawira, ndipo musalize hutala. Musalowe pakati pa njovu yaikazi ndi mwana wake. Ikatambasula makutu, kupukusa mutu ndi kuwaza fumbi, ikukuchenjezani: bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono. Ikapinda chitamba, n'kuweramitsa mutu, makutu atagona, imeneyo yatsimikiza kukuukirani. Yamphongo imene ikuchucha madzi pambali pa diso, miyendo yam'mbuyo itanyowa mkodzo, ili pa ukali wofuna zazikazi, ipatseni njira. Ngati mwatenga ana asukulu, auzeni asanalowe kuti kukuwa ndi kutulutsa manja pawindo n'koletsedwa.

Musatsike m'galimoto pamalo osaloledwa. Bungwe la African Parks, lomwe linayamba kuyendetsa pakiyi mu 2015, linabweretsa akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, ndipo mkango utagona mu udzu wouma simungauone. Zipembere ziliponso, koma zimakonda m'zitsamba zowirira, musadalire kuti muziona.

Ndalama zikalola, kwerani boti. Mvuu, ng'ona zowothera dzuwa pamchenga, nkhwazi pamwamba pa migwalangwa, zonsezi mumazionera pafupi kuposa pagalimoto. Dzanja lisakhudze madzi. Mukagona komweko, gonani m'neti, ndipo usiku musayende nokha, poti mvuu zimatuluka kukadya udzu kumtunda.