Sitima Ikaima Padoko: Mmene Ndimakonzera Tsiku la Kumtunda

Ulendo woyamba umene ine ndi amuna anga tinakwera sitima yapamadzi yozungulira magombe a nyanja ya Mediterranean, tinatha masabata tikukambirana za chipinda chogona, kuti kaya chikhale cha zenera kaya cha khonde. Za kumtunda sitinaziike kumutu. Tinkangoti sitima ikafika ku Roma titsika n'kuyamba kuona Roma. Koma sitima sifika ku Roma. Imaima ku Civitavecchia, mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera mumzindawo, ndipo izi tinazimvetsa bwino titatsala ndi masiku ochepa kuti tinyamuke. Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse ndimayamba ndi madoko, chipinda chimabwera pambuyo.

Choyamba chimene ndimachita ndi kutenga pepala limodzi pa doko lililonse n'kulemba pamwamba pake nthawi imene aliyense ayenera kukhala atabwerera m'sitima. Samalani apa. Nthawi imene mumaona pa ndondomeko ya ulendo ndi yonyamuka sitima, koma khomo limatsekedwa nthawiyo isanakwane, kawirikawiri kutatsala mphindi 30. Akalemba kuti sitima inyamuka 6 koloko madzulo, inu nthawi yanu ndi 5:30. Pamenepo ine ndimachotsanso ola limodzi ngati ndikungoyenda pafupi ndi doko, kapena maola awiri ngati ndapita kutali pa sitima yapamtunda. Kenako ndimawerengera chobwerera m'mbuyo: kuti ndikhale padoko 3:30, ndikwere sitima yapamtunda ya nthawi yanji? Nanga ikandisiya imeneyo, ina yotsatira ilipo? Ngati yotsatira palibe, ndimasankha yam'mbuyo mwake. Zotsala pakatipo ndiye tsiku langa lenileni, ndipo nthawi zambiri limakhala lalifupi kuposa mmene ndinkaganizira. Sitima ikaima maola 11 ku Civitavecchia, mu Roma mwenimwenimo mumakhalamo maola asanu kapena asanu ndi limodzi basi.

Sitimayo sidikira munthu amene anadzipitira yekha kumtunda. Si nkhanza ayi. Malo oimapo padoko amakhala ndi nthawi yake, woyendetsa wa padoko amene amatulutsa sitima amakhala atafika kale, ndipo doko lotsatira likuyembekeza m'mawa. Amene amadikiridwa ndi okhawo amene anapita pa ulendo wokonzedwa ndi kampani ya sitimayo, ndipo zikavuta kampaniyo imawapezera njira yokafikira doko lotsatira. Maulendo amenewa amadula, komanso mumayenda pagulu lalikulu potsatira munthu wonyamula kambendera. Ine sindiwakonda kwenikweni, koma sindiwanyoza. Ndimawagula pamene malo amene ndikufuna ali kutali, njira yobwerera ndi imodzi yokha, kapena sitima ikuima maola ochepa. Kwina konseko timayenda tokha.

Chachiwiri, fufuzani pamene sitima imaima penipeni, chifukwa dzina la mzinda pa ndondomeko silikuuzani zambiri. Ku Naples mukangotsika mwafika kale pakati pa mzinda, nyumba yachifumu yakale ya Castel Nuovo ili pamaso panu. Ku Valletta, pa chilumba cha Malta, mumayenda pang'ono m'mbali mwa nyanja n'kukwera chikepe cha Barrakka, chotalika mamita 58, ndipo chimakutulani m'munda wa pamwamba pa mpanda wa mzinda. Madoko oterewa safuna kukonzekera kwambiri. Koma ku Livorno sitima zikuluzikulu zimaima pakati pa doko la katundu, pamene oyenda pansi saloledwa, ndiye muyenera kukwera basi ya padoko kaye musanayambe kuganiza za siteshoni. Ku Dubrovnik, ku Croatia, sitima zambiri zimaima ku Gruž, makilomita atatu kuchokera ku mzinda wakale, ndipo mabasi a mumzinda amakafika pa chipata cha Pile, cholowera mumzinda wakalewo. Za Venice ndiye muwerengetse bwino: kuyambira mu Ogasiti 2021 boma la Italy linaletsa sitima zikuluzikulu kudutsa pakati pa mzindawo, moti zina zimaima ku Marghera, zina kutali ndithu, ku Ravenna kapena ku Trieste, ngakhale otsatsa malonda atalemba Venice ndi zilembo zazikulu.

Tibwerere ku Civitavecchia, poti ndi kumene ambiri amasokonekera. Ulendo wake uli ndi zigawo zitatu, ndipo anthu amangowerengera chimodzi. Mumayamba ndi basi yochokera pa sitima kukafika kunja kwa doko. Kuchokera apo kupita ku siteshoni pali kamtunda, mungayende pansi kapena kukwera basi ina. Kenako ndi pamene mumakwera sitima yapamtunda, yomwe imatenga ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Zigawo ziwiri zoyambazo zikhoza kukudyerani mphindi 40 popita, ndi zina 40 pobwera. Ngati mukupita ku Vatican musapitirire mpaka ku Termini, siteshoni yaikulu ya mu Roma. Tsikani pa Roma San Pietro, pamene denga lozungulira la tchalitchi cha Petulo Woyera limaonekera mukangotuluka. Pobwerera, dziwani kuti ku Termini sitima za ku Civitavecchia nthawi zambiri zimaima chakumapeto kwenikweni kwa siteshoni, kotero kufika pakhomo la siteshoni sikufika pa sitima. Ikanipo mphindi 15.

Tikiti ya pepala ya sitima zoima m'masiteshoni ang'onoang'ono ku Italy iyenera kudindidwa pa kamakina ka pa siteshoni musanakwere. Mukapanda kudinda, woyang'anira amakulipitsani chindapusa ngati munthu wopanda tikiti, ndipo zoti ndinu mlendo sizimukhudza. Matikiti a basi za mumzinda amagulitsidwa m'tisitolo ta fodya tokhala ndi chikwangwani cha chilembo T, ndipo nawonso mumadinda mukangolowa m'basi. Liwu limodzi la Chitaliyana limene ndikupemphani kuti muliloweze ndi sciopero, kutanthauza kunyanyala ntchito. Ubwino wake, masiku a sitiraka amalengezedwa pasadakhale. Kutatsala sabata imodzi ndimafufuza pa intaneti tsiku lililonse limene tidzakhale pa doko la ku Italy. Likagwera pa sitiraka ya zamtengatenga, ndimasiya zopita kutali kapena ndimagula ulendo wa kampani ya sitima.

Tsopano nkhani imene ndimalimbana nayo ndi aliyense amene amandifunsa malangizo: doko limodzi, chinthu chimodzi. Ndikudziwa mmene mtima umachitira. Mwalipira ndalama zambiri, mwina simudzabweranso, ndiye mukufuna Pisa ndi Florence tsiku limodzi, kapena Pompeii ndi chilumba cha Capri. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kuchokera ku Livorno, Pisa ndi mphindi 20 zokha pa sitima yapamtunda, pamene Florence ndi ola ndi theka. Mukaphatikiza ziwirizi, tsiku lonse mulithera m'masiteshoni ndi kuyang'ana wotchi. Ife tinasankha Pisa yokha, tinakhala pa udzu pafupi ndi nsanja yopendekeka ija, tinalowa m'tchalitchi mosathamanga, ndipo tinabwerera dzuwa likadalipo. Ku Naples tinasiya Pompeii n'kupita ku Herculaneum. Mizinda yakale iwiriyi inakwiriridwa ndi phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, ndipo yonse mumafikako pa njanji ya Circumvesuviana yolowera ku Sorrento, koma Herculaneum ili pafupi, ndi yaing'ono moti maola awiri kapena atatu amakwana, ndipo muli nyumba zimene zikadali ndi chipinda chapamwamba ndi matabwa opserera. Pompeii ndi mzinda wathunthu, mthunzi ndi wochepa, ndipo imafuna tsiku lake.

Mukasankha chinthu chimodzicho, onani tsiku la sabata limene mudzafike. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican zimatseka Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi, limene anthu amachita kuthithikana. Nyumba yosungiramo zojambulajambula ya Uffizi ku Florence imatseka Lolemba. Ku Acropolis, phiri la akachisi akale ku Athens, kuyambira mu 2023 anaika malire a anthu 20,000 patsiku ndipo tikiti imakhala ndi ola lake lolowera. Pogula tikiti yotere musatenge ola loyandikana kwambiri ndi nthawi yofika sitima. Kutsika kumachedwa, makamaka akuluakulu a padoko akachedwa kupereka chilolezo, ndipo kuchokera pamene sitima zimaima ku Piraeus, doko la Athens, kukafika pa siteshoni ya njanji ya mumzinda ya Metro ndi ulendo ndithu wapansi. M'matchalitchi ambiri salola mapewa ndi mawondo kukhala pamtunda, ndiye ndimaika kansalu kopepuka m'chikwama.

Pali madoko ena amene sitima siifika pagombe n'komwe. Imaponya nangula kapena kungoima pakati pa madzi, anthu n'kumatengedwa pa maboti ang'onoang'ono. Madoko amenewa ndimawalemba ndi cholembera chofiira. M'mawa amayamba kutsitsa amene anagula maulendo a kampani, enanu mumatenga manambala n'kudikira. Boti lomaliza lobwerera limanyamuka msanga kuposa nthawi yotseka khomo pa madoko ena. Komanso nyanja ikawinduka, kaputeni akhoza kungolidumpha dokolo, choncho musalipiriretu chinthu chodula chimene ndalama zake sizibwezedwa.

Ku Santorini, chilumba cha ku Greece, ndi kumene ndinaphunzira izi ndi thupi langa. Maboti amakutulani pansi pa phompho, tauni ya Fira ili pamwamba. Njira zokwerera ndi tizipinda toyenda pa chingwe, kapena masitepe pafupifupi 600 amene abulu amadutsamonso. Tizipindato timayenda tisanu ndi kamodzi pa ulendo umodzi, kalikonse kamatenga anthu asanu ndi mmodzi. Tsiku limenelo panali sitima zingapo, ndipo ife sitinafufuze. M'mawa tinakwera bwinobwino, tinapita ku mudzi wa Oia pa basi, tinabwerera ku Fira kutatsala ola ndi theka kuti boti lomaliza linyamuke, tikuganiza kuti nthawi ilipo yambiri. Tinapeza mzere wa anthu ofuna kutsika utakhota m'tinjira ta m'tauni, kumapeto kwake osaoneka. Titaima mphindi 20 osasuntha kwenikweni, tinaganiza zotsika wapansi. Miyala ya masitepewo ndi yoterera, pali ndowe za abulu, ndipo amuna anga ali ndi vuto la bondo. Ndinawagwira mkono njira yonse, mtima uli m'mwamba. Tinafika boti lisananyamuke, koma iwo anatha masiku awiri otsatira ali m'chipinda, bondo litatupa, ndipo doko lotsatira sanalione. Zinandiwawa, chifukwa zinali zopeweka. Madoko ambiri amaika pa intaneti ndandanda ya sitima zobwera tsiku lililonse. Lero ndikaona kuti tidzakhala ndi zinzathu zitatu kapena zinayi, ndimatsika ndi boti loyambirira ndipo ndimayamba kubwerera masana, anthu ena akadali pa chakudya.

Za wotchi. Greece ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Italy, Croatia, Montenegro ndi Malta. Sitima zambiri zimasintha nthawi usiku kuti ifanane ndi ya kumtunda, koma si zonse, ndipo foni imadzisinthira yokha malinga ndi netiweki imene yagwira. Imene imagwira ntchito ndi nthawi ya m'sitima. Ine ndimavala wotchi yamanja yotchipa, ndimaitchera ndi wotchi ya pakhomo potuluka, ndipo ndimajambula pa foni chikwangwani cholembedwa nthawi yobwerera.

Ngati pasipoti yanu imafuna visa ya Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene mumalowamo ndi visa imodzi, yang'anani mayiko onse a pa ulendowo musanapemphe. Croatia inalowa mu Schengen mu Januwale 2023, koma Montenegro ndi Turkey sali m'gululi, ngakhale ku Montenegro amagwiritsa ntchito yuro. Sitima ikaima ku Kotor, ku Montenegro, n'kubwereranso ku Italy kapena ku Greece, ndiye kuti mwatuluka n'kulowanso, choncho pemphani visa yolowera kangapo, ndipo mufunse padera zimene mayiko enawo amafuna.

M'chikwama cha tsikulo simufunika zambiri. Khadi la m'sitima, limene ndi kiyi wa chipinda komanso chiphaso chotulukira ndi kulowera. Pasipoti kapena kope lake, malinga ndi zimene alengeza pa doko limenelo. Mankhwala a masiku awiri, osati a tsiku limodzi. Madzi, chipewa, ndalama zochepa za m'manja kuphatikizapo zachitsulo, ndi khadi la kubanki loikidwa thumba lina. Mapu ndimawatsitsiratu pa foni ndisanachoke kunyumba, popeza intaneti ya m'sitima ndi yodula ndipo imachedwa. Takisi ndimakwera ya pamalo ake ovomerezeka, ndipo ndimafunsa za mita kapena mtengo chitseko chisanatsekedwe. Pobwerera ndimamuonetsa dalaivala dzina la malo enieni oimapo sitima yathu, chifukwa doko ngati la Piraeus kapena la Barcelona lili ndi zipata zambiri zotalikirana.

Pa kapepala ka zochitika za tsiku kamene amakusiyirani m'chipinda madzulo aliwonse, pamakhala dzina ndi nambala ya foni ya nthumwi ya sitimayo pa doko la mawa. Ambiri amakataya osakawerenga. Kajambuleni kapena kapindeni m'thumba. Mukaona kuti mwachedwa, musadikire kuti mufike padoko kaye. Imbani nambalayo muli m'njira, nenani dzina lanu, nambala ya chipinda, pamene muli ndi nthawi imene mukuyembekeza kufika. Mwina kaputeni angadikire mphindi zochepa akadziwa kuti muli pafupi. Akapanda kutero, nthumwiyo ndi imene imalandira pasipoti yanu ngati munaisiya m'sitima, ndipo ndi imene ingakuthandizeni kupeza njira yokafika pa doko lotsatira, ndalama zake zili zanu. Pachifukwa ichi pasipoti ikatsala m'sitima ndimaiika m'kabokosi kokiya ka m'chipinda, pamene ogwira ntchito amayambira kuyang'ana, osati pansi pa zovala m'sutikesi.