Momwe mungapezere chiphaso cha ntchito yoyang'anira ziweto ndi agalu, ndi kupitiriza kuphunzira muli pantchito

Galu akaluma mwana ku Chamama, nkhumba zikayamba kufa motsatizana ku Santhe (madera a m'boma la Kasungu), kapena wamalonda akafuna kusamutsa ng'ombe kupita ku boma lina, anthu amathamangira kwa alangizi a ziweto, omwe ambiri timawatchula kuti a vetenale. Ntchito yomwe m'mizinda ya mayiko ena imagwiridwa ndi maofesala apadera oyang'anira nyama, kuno imagwera m'manja mwa alangiziwa mothandizana ndi khonsolo. Alangiziwa ali pansi pa nthambi yoona za umoyo wa ziweto mu unduna wa zamalimidwe, ndipo ofesi ya chigawo cha zamalimidwe ya Kasungu ADD ndiyo imayang'anira maboma a Kasungu, Mchinji, Dowa ndi Ntchisi. Wachinyamata amene akufuna kulowa ntchitoyi, ngakhalenso mlangizi amene anaiyamba kale, angatsate njira iyi.

Choyamba ndi satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti m'maphunziro a sayansi, makamaka Biology, pamodzi ndi Chingerezi ndi masamu. Zofunika zenizeni zimalembedwa m'chidziwitso chomwe sukulu iliyonse imatulutsa poitana ophunzira, choncho muwerenge cha chaka chomwe mukufunsira malo, osadalira zomwe anakuuzani mnzanu amene analowa kalekale.

Chachiwiri ndi kusankha sukulu. Ku Natural Resources College ku Lilongwe, yomwe tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, kuli dipuloma ya umoyo ndi kawetedwe ka ziweto. Ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu kulinso sukulu yophunzitsa za chipatala cha ziweto, ndipo amene anakhoza bwino kwambiri angathe kufunsira digiri ya udokotala wa ziweto ku LUANAR komweko. Masiku ano kwabuka timasukulu tolonjeza kuti pakatha miyezi yochepa mudzakhala "dokotala". Musanapereke fizi kulikonse, fufuzani ngati bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE likuidziwa sukuluyo, komanso ngati bodi yolembetsa anthu a ntchitoyi imalandira pepala lake, chifukwa ndalama za fodya wa chaka chathunthu zikhoza kupita pa satifiketi yongokongoletsa khoma.

Gawo lachitatu ndilo lomwe ophunzira ambiri amalipeputsa, pomwe ndilo limasiyanitsa mlangizi wodalirika ndi munthu wongonyamula chikwama cha mankhwala. Ili ndi gawo lophunzira ntchito ndi manja pansi pa mlangizi wakale. Pemphani kuti mukaikidwe pa ofesi ya zamalimidwe ya m'dera, ndipo mukakamire kupita nawo tsiku lobaya agalu katemera wa chiwewe. Kumeneko mudzaona kuti agalu ambiri amabwera ndi ana, atawamanga ndi luzi kapena chingwe cha nayiloni, ndipo galu amene amakhala phee m'manja mwa mwana wa zaka khumi amasanduka chilombo mlendo akamuyang'ana m'maso ndi kumudzera kutsogolo. Mlangizi wodziwa amalola mwini wake kugwira mutu, iye n'kudzera chammbali mosafulumira, kubaya, ndi kupaka penti pachipumi pa galuyo kuti asabayidwenso kawiri komanso kuti powerengera adziwike. Galu wolusa amamangidwa pakamwa ndi bandeji kapena kugwidwa ndi ukonde, osati kumenyedwa ndi chibonga.

Muphunzirenso kasungidwe ka katemera. Ayenera kukhala pozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo timabotolo take tisakhudzane mwachindunji ndi madzi oundana a m'bokosi, pakuti kuundana kumawononga katemera monga momwe dzuwa la mu Okutobala limamuwonongera. Galu aliyense ali ndi singano yake, ndipo dzina la mwini, mudzi ndi tsiku zilembedwe m'kaundula nthawi yomweyo, osati madzulo pongokumbukira. Inu eni mufunse ku chipatala za katemera woteteza munthu ku chiwewe asanalumidwe, popeza aliyense wogwira agalu tsiku ndi tsiku ali pachiopsezo.

Mukamaliza maphunziro, chachinayi ndi kulembetsa. Lamulo la Veterinary and Para-Veterinary Practitioners Act limafuna kuti madokotala a ziweto ndi othandizira awo alembedwe m'kaundula wa bodi asanayambe ntchito. Konzani makope a satifiketi zanu ndi chiphaso cha unzika, ndipo mufunse ku ofesi ya ziweto ya pa boma za mafomu, ndalama zolipira ndi nthawi yokonzanso chiphasocho. Dipuloma imaonetsa kuti munaphunzira, koma chomwe chimakulolani kuchiza ziweto za anthu ndi kulembetsaku.

Chachisanu ndi kudziwa malamulo omwe muzigwiritsa ntchito, makamaka la Control and Diseases of Animals Act, lomwe limakhudza kasamutsidwe ka ziweto ndi kutseka dera kukabuka matenda, ndi la Protection of Animals Act, loletsa kuchitira nyama nkhanza. M'maboma a m'malire ndi Zambia monga Kasungu ndi Mchinji, nkhani ya chilolezo chosamutsira ziweto si yamasewera, chifukwa chigodola cha nkhumba, chomwe chilibe mankhwala ochiritsa, chimayenda pa njinga limodzi ndi nyama yogulitsa. Pa nkhani ya kulumidwa ndi galu, muloweze ndondomeko yake mpaka muzitha kuinena mutadzidzimutsidwa kutulo: bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, wolumidwayo apite ku chipatala tsiku lomwelo, galuyo amangidwe ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, ndipo akafa kapena akaphedwa, dziwitsani akuluakulu anu kuti ubongo wake ukayezedwe ku labotale ya ziweto. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe, mwayi wochira umakhala utatha.

Chomaliza, chomwe chilibe tsiku lotsekera, ndi maphunziro opitiriza. Bungwe la Global Alliance for Rabies Control lili ndi maphunziro aulere pa intaneti, ena a kaphunzitsidwe ka anthu za chiwewe, ena a kagwiridwe ndi kabayidwe ka agalu, ndipo wopambana mayeso ake amalandira satifiketi. Foni yamakono ndi bando ya intaneti n'zokwanira. Mabungwe monga LSPCA, yoteteza ndi kusamalira nyama ku Lilongwe, ndi Mission Rabies, yomwe yakhala ikubaya agalu ku Blantyre kuyambira 2015, amagwira ntchito ndi ogwira ntchito za boma, ndipo kampeni zawo ndi sukulu yabwino kwa amene wapeza mwayi wolowamo. Pa 28 Sepitembala chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira matenda a chiwewe padziko lonse, ndipo mlangizi wakhama amapempha mafumu ndi aphunzitsi akulu kuti amupatse mpata wolankhula m'midzi ndi m'sukulu.

Maphunziro otere ndi omwe asintha maganizo pa nkhani ya agalu oyendayenda. Kale yankho linali mfuti kapena poizoni, koma akatswiri a bungwe la WHO amanena kuti chomwe chimadula chiwewe ndi kubaya katemera agalu osachepera 70 pa 100 alionse m'dera, ndipo mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Kupha agalu mwachisawawa kumachititsa eni ake kuwabisa tsiku la katemera, ndipo nthawi zina kumachotsa agalu omwe anabayidwa kale.

Tinene mosabisa kuti ena amapita ku misonkhano ya maphunziro chifukwa cha alawansi yokha, n'kubwerako opanda ngakhale tsamba limodzi la zolemba. Inu mukhale ndi fayilo yosungiramo satifiketi iliyonse, tsiku la maphunziro, dzina la bungwe lomwe linaphunzitsa ndi chiwerengero cha ziweto zomwe munabaya pa kampeni iliyonse, ndipo mujambule zonsezi pa foni kuopa chiswe ndi mvula. Fayilo imeneyi ndi yomwe mudzanyamule pokonzanso chiphaso, pofunsira kukwezedwa pantchito, kapena popempha malo oti mukapitirize digiri.