Momwe mungalongedzere katundu wokwera naye phiri lalitali

Pamwamba pa phiri kulibe sitolo. Chimene mwaiwala mwachiiwala basi, ndipo chimene mwanyamula chopanda ntchito mudzachimva m'mawondo tsiku lachitatu.

Yambani ndi zovala, chifukwa mdani wamkulu kumeneko ndi kuzizira kophatikizana ndi kunyowa. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Pa Kilimanjaro, phiri lotalika mamita 5,895, munthu amanyamuka m'nkhalango thukuta lili kamukamu, koma usiku wopita pansonga madzi amaundana m'botolo. Jekete limodzi lochindikala silingakwanire nyengo zonsezi. Muyenera kuvala mosanjikiza, kuti muzivula kapena kuwonjezera mmene thupi likumvera.

Chovala chokhudza khungu chikhale cha ubweya wa nkhosa kapena cha poliyesitala, ndipo mutenge ziwiri kapena zitatu. Za thonje, jinzi yomwe, zisiyeni. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, ndiye mukaima kuti mupume mphepo n'kuwomba pamsana ponyowapo, mumayamba kunjenjemera dzuwa likuwala. Pamwamba pake pabwere juzi yopepuka ya fleece, kenako jekete la nthenga lovala madzulo, ndipo kunja kwenikweni jekete ndi thalauza zosalowa madzi kapena mphepo. Jekete la nthengalo muzilisunga m'pulasitiki: nthenga zikanyowa zimamatana, sizifunditsanso. Onjezerani chipewa chophimba makutu, magolovesi opyapyala ovala mkati mwa ena ochindikala, ndi mapeya anayi a masokosi a ubweya. Peya imodzi isaponde nsapato, ikhale yogonera yokha.

Nsapato zikhale zofika m'kakolo, ndipo muyende nazo milungu ingapo ulendo usanafike, chifukwa zatsopano zimatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe. Poyesa, valani sokosi yochindikala muone ngati kutsogolo kwatsala kampata. Potsika phazi limaterera kutsogolo, ndipo nsapato yothina imadetsa zikhadabo mpaka kuzisolola.

Pa thumba logonamo pamalembedwa manambala angapo osonyeza kuzizira kumene lingapirire. Yang'anani yolembedwa kuti comfort, yosonyeza kuzizira kumene mungagonemo bwino. Ya extreme imangotanthauza kuti mungapulumuke usikuwo, osati mugona tulo. Musaiwale kamatiresi kopyapyala, poti nthaka yozizira imakoka kutentha kwa thupi kudzera m'nthenga zimene mwazipsinja ndi msana.

Mpweya wa kumtunda ndi wouma ndipo mumapuma mofulumira, choncho konzekerani kumwa malita 3 mpaka 4 patsiku. Thumba la madzi lokhala ndi kapaipi ndi labwino masana, koma kukazizira kwambiri kapaipiko ndiye kamayamba kuundana. Mukamwa, uziranimo mpweya kuti madzi abwerere m'thumba. Khalaninso ndi botolo la kukamwa kwakukulu, muziliika chozondoka kuti madzi oundana asatseke chivindikiro. Madzi a mumtsinje muzithiramo mapiritsi ophera tizilombo, kapena muwawiritse mphindi 3 mukapitirira mamita 2,000, chifukwa kumtunda amawira asanatenthe kwenikweni. Pa mamita 3,000 amawira pa madigiri pafupifupi 90.

Njala imachepa mukamakwera, ndiye tengani tizakudya timene mumatikonda kale: mtedza, chokoleti, zipatso zouma. Dzuwa nalo limawotcha kwambiri ngakhale kukuzizira. Pafunika mafuta oteteza khungu a SPF 50, opaka m'milomo, ndi magalasi akuda ophimba m'mbali momwe, makamaka kumene kuli chipale chofewa. Mabotolo a mafutawo muwamange m'kapulasitiki, amatha kutsanukira m'zovala mpweya wa mkati ukafufuma.

Matenda obwera chifukwa cha kukwera amayamba kuoneka kuchokera pa mamita pafupifupi 2,500: mutu, nseru, chizungulire, kusowa tulo. Sasankha, amagwira ngakhale wothamanga wamphamvu. Mankhwala a acetazolamide amathandiza thupi kuzolowera, koma kaonaneni ndi dokotala musanawagule. Chitetezo chenicheni ndi kukwera pang'onopang'ono. Mukapitirira mamita 3,000, malo ogona asakwere ndi mamita oposa 500 pa usiku umodzi, ndipo masiku atatu kapena anayi alionse mupumule tsiku limodzi. Mnzanu akayamba kudzandira ngati woledzera, kulankhula zosokonekera, kapena kubanika ali chikhalire, mutsike naye nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Musadikire kuti kuche. M'kathumba ka mankhwala muikemonso mapulasitala a matuza, bandeji, opha ululu ndi mapaketi a ORS.

Tochi ikhale yovala pamutu kuti manja azigwira ndodo. Kuzizira kumamaliza mabatire msanga, choncho otsalawo pamodzi ndi foni muzigona nazo m'thumba logonamo. Mapu a papepala, kampasi ndi wezulo sizilemera.

Polongedza, yalani thumba lalikulu la pulasitiki mkati mwa chikwama. Thumba logonamo lipite pansi, zolemera zikhale pakati pafupi ndi msana, ndipo jekete la mvula, mankhwala ndi tochi zikhale pamwamba poti mungazitulutse osakhutula zonse. Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwanu: wa makilogalamu 70 asadutse 14. Mangani lamba wa m'chiuno kaye, kenako a m'mapewa, kuti katundu akhale pachiuno. Kutatsala sabata, chiberekeni chodzaza muyende nacho maola atatu pachitunda, mutavala nsapato zija.