Zinthu zoti muzisamala m'nyumba kuti musadwale

Abale tiyambe ndi mbaula, musalowe nayo kuchipinda chogona olo kuzizire bwanji. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, ulibe fungo komanso suoneka, umangolowa m'magazi munthu nkuyamba mutu, chizungulire, ena amakomokera kutulo komweko osadziwa kanthu. Mukamva zimenezi tsegulani zitseko, tulukani panja msanga kenako kuchipatala. Jenereta nayonso izilira panja, kutali ndi windo.

Kuseri kwa kabati mumayang'anako? Madontho akuda aja pakhoma ndi nkhungu, imabwera ndi chinyezi ndipo imavutitsa kwambiri ana a mphumu. Konzani kaye pomwe pakudontha apo ayi muzingopukuta mpaka kalekale, kabatiyo muyisunthe pang'ono mpweya uzidutsa.

Koma chimene chimandiwawa ndi parafini kapena mankhwala a tizilombo othira m'botolo la zakumwa, mwana amangoona chakumwa basi. Zizikhala m'botolo lake lomwe, pamwamba pokhoma. Akamwa parafini musamusanzitse chifukwa amatha kulowa m'mapapo, thamangani naye kuchipatala mutanyamula botololo. Bulitchi nayenso osasakaniza ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake umawotcha pachifuwa.