Momwe mungakonzere Vivaldi kuti igwirizane ndi ntchito yanu

Ambiri muno mu Lusaka timagwiritsa ntchito browser imene tinaipeza kale mu laputopu tsiku logula. Kwa munthu wongotsegula Facebook, zimenezo n'zokwanira. Koma ngati mumalemba za misonkho pa tsamba la ZRA, kulembetsa makampani ku PACRA, kapena ndinu wophunzira pa UNZA amene matabu ake (masamba otsegulidwa nthawi imodzi mu browser) amachuluka mpaka mayina osaonekanso, yesani Vivaldi. Inatuluka mu April 2016, ndipo mmodzi mwa oyambitsa kampani yake, ya ku Norway, ndi Jon von Tetzchner, yemwe anayambitsa nawo browser ya Opera. Ndi yaulere. M'kati mwake muli Chromium, injini yomwe ija ya Chrome, choncho masamba ambiri amatseguka monga mwa masiku onse.

Yambani ndi kuona makina anu. Kuyambira 2023, Vivaldi yatsopano siyenda pa Windows 7 kapena 8.1, ndipo malaputopu ambiri akale ogulidwa m'tauni akadali pamenepo. Ngati RAM yanu (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwirapo ntchito pa nthawiyo) ndi 4 GB, iyenda, koma muyembekezere kuti izilemera mukatsegula zambiri. Tsitsani pulogalamuyi pa vivaldi.com pokha, makamaka pomwe pali Wi-Fi. Musalole kuti wina akukopereni pa flash yomwe yazungulira makompyuta a shopu yonse.

Mukaitsegula koyamba ikufunsani mafunso angapo. Ikafunsa zotenga ma bookmark ndi mapasiwedi ku browser yakale, vomerani. Pa funso la zotsatsa, sankhani Block Trackers and Ads. Ichi ndiye chinthu chimene ndimachikonda kwambiri, chifukwa zotsatsa zimene zimadzisewera zokha zimadya bandulo imene mwagula ndi makwacha anu kwa MTN, Airtel kapena Zamtel. Tsamba lina likakana kutseguka bwino, dinani kachishango kali kumanzere kwa malo olemba adiresi, n'kuzimitsa chotsekeracho pa tsamba lokhalo. Nyuzipepala zathu za pa intaneti zimadalira zotsatsa kuti zilipire atolankhani, ndiye imene mumaiwerenga tsiku ndi tsiku muiganizireko.

Tsopano matabu. Pitani ku Settings, kenako Tabs, musamutse mzere wa matabu kuchoka pamwamba kupita kumanzere kapena kumanja. Poyamba zimaoneka zachilendo, koma dzina la tsamba lililonse limawerengeka ngakhale atakhala makumi awiri. Kokani tabu imodzi n'kuiika pamwamba pa inzake, ziwirizo zikhala gulu limodzi. Mukhoza kukhala ndi gulu la kasitomala aliyense, kapena la phunziro lililonse.

Chachikulu kwa olemba manambala ndi ichi: gwirani Ctrl, dinani matabu awiri, kenako dinani batani lakumanja la mouse n'kusankha Tile. Masamba awiriwo aonekera limodzi, lina kumanzere, lina kumanja. Wokopera TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) kapena nambala ya NRC (chitupa cha unzika) kuchoka pa imelo kupita pa fomu amadziwa momwe nambala imodzi yolakwika imabwezera ntchito m'mbuyo. Zonse ziwiri zikakhala pamaso panu, mumafananiza musanatumize, ndipo simufunika kugula sikirini yachiwiri.

M'mbali mwa zenera muli kamzere ka zizindikiro. Dinani chizindikiro cha + n'kulembamo web.whatsapp.com. WhatsApp izikhala pambali pamenepo, kutseguka ndi kutsekeka osasokoneza tsamba limene mukugwirapo ntchito. Momwemo mulinso Notes, polemba zinthu mwachangu. Mukasochera, dinani F2 n'kulemba dzina la chimene mukufuna.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Vivaldi imalola kusintha pafupifupi chilichonse: mitundu, mabatani, menyu, ngakhale zimene zichitike mukagwedeza mouse. Munthu akhoza kutha madzulo onse akusinthasintha, ntchito osagwira, mawa lake n'kuiwala komwe anabisa batani lofunika. Langizo langa ndi loti musinthe zinthu zitatu kapena zinayi zokha, mugwire nazo ntchito sabata yathunthu, kenako muone ngati pali china chikukuvutani. Muli ndi imelo ndi kalendala m'katimo, koma ngati simuzifuna musaziyatse.

Vuto lina ndi kulemera. Gulu lililonse la matabu ndi WhatsApp ya pambali ija zimadya RAM ndi batire, ndipo malaiti akapita mumazimva msanga. Zikatero, dinani batani lakumanja la mouse pa tabu imene mukugwiritsa ntchito n'kusankha Hibernate Background Tabs. Enawo agona, koma sachoka pamzere. Dziwani kuti tabu yogona imatsitsanso tsamba mukaidzutsa, choncho musagoneke fomu imene mwailemba theka.

Ma extension (timapulogalamu towonjezera pa browser) a ku Chrome Web Store amagwira pa kompyuta. Ikani ochepa okha, chifukwa aliyense amawonjezera katundu. Dziwaninso kuti masamba ena amene mumawapeza ataikidwa kale pa tsamba loyamba ndi a makampani amene Vivaldi imapezerako ndalama. Mukhoza kuwachotsa onse.

Vivaldi iliponso pa Android kuyambira 2020 ndi pa iPhone kuyambira 2023. Kuti foni ndi laputopu zizigawana ma bookmark ndi mapasiwedi, tsegulani akaunti ya Vivaldi n'kuyatsa Sync. Ikupemphani pasiwedi yachiwiri yotsekera zinthu zanu. Imeneyo ngakhale eni kampani saidziwa, ndipo mukaiiwala sangakuuzeni, choncho ilembeni papepala n'kuisunga kunyumba. Pa kompyuta ya mu internet café kapena ya ku ofesi imene mumasinthana ndi anzanu, Sync musaiyatse n'komwe, chifukwa wokhalapo pambuyo panu apeza mapasiwedi anu onse ali pompo.